Che Alidi Aphunzira Kuimirira

"Stand up," anatero mzungu wa esiteti ali pampando mu ofesi yake ku Limbe.

Che Alidi, amene anabwera kudzapempha kuti asawachotse pamunda wawo ku Soche, ananyonyomalabe pansi mwaulemu.

"Akuti imirirani," Fabiano womasulira ananong'ona. "Kwa Azungu ulemu ndi umenewo."

"Ndiimirire wamkulu atakhala? Sanandilere chotero."

"Mukakana, munda wapita, bambo."

"Stand up," mzunguyo anabwereza, nkhope itafiira.

Che Alidi anadzuka pang'onopang'ono. Anali chimunthu chachitali, ndipo mthunzi wawo unaphimba tebulo lonse. Mzungu anakankhira mpando kumbuyo, nayankhula ndi Fabiano motsitsa mawu.

"Akuti bwanji tsopano?" Che Alidi anafunsa.

"Akuti khalani pansi."