Kadzidzi Wotsokomola

Ine mbalame ndimaidziwa ili m'mbale. Koma Vitalis, mwana wa mlongo wanga, amatsogolela kagulu ka ku Petauke kongoyang'ana mbalame osadya. Anandipempha ndiwalondolele njila ya kudambo ku Sandwe, kumene ndinakulila. Ati akufuna kuona kadzidzi. Kadzidzi, anthuni!

"Anti, musaope," anatelo. "Timamuitana ndi foni."

"Iwe, nanga mkazi wokwatila sumuitana bwanji ndi foni yomweyo?"

Aphunzitsi awili amene tinali nawo anaseka.

Mdima utagwa tili kudambo kuja, Vitalis analiza foni ija. Munali kulila kwa kadzidzi kumene anajambula yekha chaka chatha, ndipo kumapeto ankamveka iye akutsokomola kawili.

Mumkuyu china chake chinayankha. Chinalila bwinobwino, kenaka chinatsokomola kawili.

"Zimitsa," ndinatelo. Mwana wosamvayo anabweleza, nkuwunika tochi m'mwamba.

Chinamugwela ngati thumba la chimanga. Ndinamva fupa likuthyoka. Tochi inagubuduzika, ndipo ndinaona Vitalis akuphupha pansi, khosi litang'ambika, magazi ali chuchuchu. Ndinamanga bala ndi chitenge changa, aphunzitsi aja nkumunyamula mpaka mumotoka imene tinabwela nayo.

Ndinamugoneka pamiyendo panga, dzanja langa litapanikiza pakhosi pake. Kupuma ankapuma, koma mano anali atalumana, pakamwa pali tseke.

Injini isanalile, kunja kwa windo, pafupi ndi khutu langa, ndinamva mawu a Vitalis akunena mwaulemu wake wonse uja:

"Anti, tsegulani. Amene mwanyamulayo si ine."