Tsitsi Lochedwetsa Ntchito

Sizasi itandikhudza kuseri kwa khutu, ndinadziwa kuti nkhaniyi anagwirizana kale ine kulibe.

"Ndati musandimete," ndinatero.

Mayi wondisamalira sanakwiye. Anangokonza thaulo limene anandifunditsa m'mapewa. Njinga yanga ya olumala anali ataiimika kutsogolo kwa galasi n'kumanga mabuleki. Manja angawa safika pamabulekipo, ndipo iye amadziwa bwino.

"Achemwali, tsitsi lanuli limatichedwetsa ntchito. Kuchapa, kuumitsa, anzanu ali pamzere kudikira kusamba. Abwana anena kuti aliyense wosamalidwa m'nyumba muno akhale ndi lalifupi."

"Amandiluka ndi mwana wanga akabwera kudzandiona. Ndi nthawi yokhayo imene amakhalitsa. Mukalidula, azidzangoima pakhomo n'kubwerera."

Sizasi inalira. Tsitsi linagwera pamiyendo panga lili chilukire, likununkhirabe mafuta amene mwanayo anandidzoza.

"Ndili ndi ufulu wokana," ndinatero. "Munandiuza ndinu nomwe tsiku limene ndinafika muno."

"Ufulu muli nawo ndithu, sindikukana," anayankha mofatsa, kwinaku akudulabe. "Ofesi ya madandaulo ili pamwamba, kukwera masitepe aja. Ndikamaliza ndikuberekani ndine, mukandinenere bwinobwino kwa abwana. Tawerametsani mutu pang'ono."

Ndinayang'ana mkono wake m'galasi. Ndi womwewo umene undidyetse masana ano, womwewo umene udzandinyamule mawa ndikadzafuna kupita kuchimbudzi.

Ndinaweramitsa mutu.