Kenrick Waliza Chigoba

Kenrick atangochotsa pakamwa chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja chomwe anachiliza ngati lipenga, agalu a pachilumba chonse anayamba kuuwa. Chigobacho anachipeza pakhoma kwawo kwa chibwenzi chake Shondell, kumene anabwera kudzaonekera, ndipo ankangofuna kuonetsa kuti anyamata a m'tauni nawonso mpweya ali nawo.

Shondell anagwira kumutu. "Iwe, chimenecho amachiliza boti likabwera ndi nsomba."

Posakhalitsa pabwalo panadzaza azimayi onyamula mabeseni, thukuta lili kamukamu. Wina anabwera tsitsi ataluka mbali imodzi yokha.

"Nsombazo zili kuti, achimwene?" anafunsa wa tsitsiyo. "Kapena mwatithamangitsa dzuwa lonseli kuti tidzaone kabudula wanu wamaluwayo?"

Kenrick anasowa pothawira. Mayi Verlyn, amayi a Shondell, omwe anali asanamusekerereko chifikireni, anatuluka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako analowanso m'nyumba. Mnyamatayo anadziwa kuti ukwati wathera pomwepo.

Mayiwo anatulukanso akukoka chidebe cha nsomba zamchere zomwe zinatha milungu itatu zikusowa wogula.

"Poti mwafika kale, mubwerere chimanjamanja?" anafunsa azimayi a mabeseniwo.

Azimayi aja anagula uku akung'ung'udza, mpaka chidebe chinaoneka pansi.

Anthu atabalalika, Kenrick anapita kukapepesa. "Mayi, mundikhululukire. Sindidzachikhudzanso."

"Wakuletsani ndani, bambo?" anatero Mayi Verlyn akupukuta chigobacho ndi nsalu. "Ndikaliza ine, anditukwana mpaka Khirisimasi. Inu ndinu mlendo, simudziwa kanthu. Kuseriku kuli chidebe china."