Kamzere ka Paphewa

Nazithunzi anakulitsa chithunzicho pakompyuta mpaka phewa la mayiyo linasanduka timabokosi tamitundumitundu. Kutsidya kwa tebulo, kumene kompyutayo inafulatira, kunakhala bambo wachikulire, jekete lofiirira likuwalendewera ngati lobwereka. Anali atalowa akupumira m'mwamba, n'kutula chithunzi chakale: iwowo ndi akazi awo ataima phewa ndi phewa, mayiwo atavala diresi labuluu, bambowo jekete lofiirira lomweli.

"Ndi cha papepala la mwambo wa maliro," anatero bambowo. "Munthu mmodzi yekha, m'kati mwa chozungulira chonga dzira. Koma m'mbalimo musalaze bwino, mwananga. Pamaliro a achimwene anga chithunzi chinali manomano ngati achidula ndi sowo."

Nazithunzi sanafunse zambiri. Zaka khumi ndi ziwiri pantchitoyi zinamuphunzitsa kuti namfedwa sapanikizidwa ndi mafunso. Komanso, abale, bambo woferedwa mkazi amaonekera patali: kolala yosasita, thupi lakutha, maso ongoti mbuu. Ngakhale kapulasitala kamene kanali kuseri kwa dzanja lawo kanamumvetsa chisoni. Awasamala ndani tsopano?

Anajambula chozunguliracho. M'mbali munatuluka timasitepe. Anayatsa kachida kosalazira m'mbali, kompyuta n'kuthira timadontho tofewa m'timasitepemo, mzere n'kuti see. Kenako anayamba kudula mayiwo, kutsata tsitsi, khutu, khosi. Ntchito ya maliro sankaithamangira, olo ofuna zithunzi za pachitupa adandaule panja mpaka kukhosi kuume.

Paphewa ndi pamene panavuta. Kosalazira kamasakaniza mtundu wa chinthu ndi wa choyandikana nacho, ndiye m'mphepete mwa diresi munatsalira kamzere kofiirira ka jekete lija. Anayesa kufufuta, phewa linayamba kudyeka. Anabweza. Anayesanso, chimodzimodzi. Zinamupweteka mtima, chifukwa mayi ngati awa sanayenera kupita ndi chilema papepala.

Anatembenuza kompyutayo.

"Bambo, taonani. Mayi atuluka bwino, koma jekete lanu lakakamira paphewa pawo. Anthu oima mogundana chonchi salekanitsika msanga. Mundipatse kanthawi ndikachotse kamzereka. Pepani kwambiri ndi zovutazi."

Bambowo anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Misozi inali lengelenge, koma anaseka pang'ono.

"Mwawakonza bwino zedi, manja anu ndi odala. Koma awa ndawasiya kunyumba akuchapa, sakudziwa n'komwe kuti ndili kuno." Anasisita kapulasitala kaja. "Adokotala akuti mwezi uno sindiumaliza, ndiye sindifuna adzavutike kusaka chithunzi. Dulani ineyo, mwananga. Ndipo kamzere kabuluu kakatsalira paphewa panga, musakachotse."