Kalata Yodzera ku Mponela

Masiku amenewo kalata sinkapita molunjika. Inkadumpha kuchoka pa kompyuta ya mudzi uno kupita pa ya mudzi winawo, ndipo njira ankasankha yekha wolembayo. Wosunga kompyuta aliyense ankawerenga mzere woyamba wokha, kuti aone ngati kalatayo yafika bwino.

Esinati wa ku Kasiya atalandira kalata ya mwamuna wake Lufeyo, yemwe ankagwira ntchito ku Kasungu, anayamba wataipa kalamulo kofunsira njira. Mayina anatsika pagalasi la kompyuta: Santhe, Mponela, Kasiya.

"Alamu, taonani," anaitana mlongo wa Lufeyo, amene ankasola chimanga pakhonde. "Njira ya Santhe kufika kuno ndi yotsekula. Nanga ku Mponela ikukatani?"

"Mwina kumeneko magetsi savuta."

"Miyezi inayi yonseyi makalata akudzera komweko? Amasunga kompyuta kumeneko ndani?"

Mlamuyo anangoweramira m'lichero. Onse ankadziwa kuti ndi Felesiya, amene Lufeyo anayamba kumufunsira asanamuone Esinati.

Esinati anatsekula kalata ija. Mzere woyamba unati, "Ndakusowa, ngakhale chakudya sichikulowa." Panalibe dzina. Dzina lake analipeza pa mzere wachitatu, pamodzi ndi funso la mbuzi.

Anakokera mpando pafupi n'kulemba yankho, njira yake naye n'kuikhotetsera ku Mponela komweko. Mzere woyamba anaulemba modekha: "Bambo a Mwayi, mwana wanu wachiwiri wayamba kugunda m'mimba muno."

"Awerenge bwinobwino ameneyo," anatero, n'kudina batani.