Ufa Woyera pa Masamba a Meicha

Tian Shoulin anasuzumira pa mng'alu wa chitseko cha kukhitchini. Mkazi wake, Lamei, anali atafulatira, akupera kanthu ndi msana wa supuni. Kenako anawaza ufawo pa masamba a tiyi, n'kugwedeza mbale kuti usakanikirane bwino.

Ndi wochenjera mayiyu, tisanamizane. Masamba a meicha, mpesa wa m'phiri uja, akauma amatuwa okha ndi ufa woyera umene kuno ku Yongshun timautcha chisanu. Mphamvu ya tiyiyo ili m'chisanumo, n'chimene timati chimaziziritsa pakhosi, ndipo masamba otuwa kwambiri ndiwo timasungira odwala. Ndani angakayikire ufa woyera pa masamba oyera kale?

Koma Shoulin anakula akuthyola ndi kuyanika meicha, lilime lake sungalipusitse. Meicha weniweni amayamba n'kuwawa, kenako kukoma kumabwerera pakhosi pang'onopang'ono. Wa masiku ano ankangowawa basi, ndipo akamwa mutu unkalemera, tulo tosadziwika bwino masana dzuwa likuswa mtengo. Chibwerereni ku chipatala cha m'tauni, kumene mwana wawo Yongfa anatuluka m'chipinda cha dokotala n'kunena kuti ndi tizilonda chabe ta pakhosi, thupi linkangotha. Mpunga sunkadutsa. Mayi ndi mwana ankanong'onezana kuseri kwa mulu wa nkhuni, iye akatulukira onse ziii.

Mantha anamugwira, chisoni chinaposa mantha. Inde, anali munthu wa mkamwa, wovuta kukhala naye. Koma mpaka kumupha?

Anabwerera pa mpando wake. Lamei analowa ndi kapu ikufuka nthunzi.

"Imwani, nkhalamba inu, asanazizire."

"Lero uyambe ndiwe."

"Mwayamba liti kugawira anthu tiyi wanu? Tamwani apa."

"Ndakuona, Lamei. Supuni ija ndaiona. Ngati ndi chisanu, imwa."

Nkhope ya mayiyo inagwa. Anayang'ana pakhomo ngati kuti Yongfa atulukira, koma pabwalo panali nkhuku zokha. Anaika kapuyo pa tebulo, osailawa n'komwe.

"Sindingamwe," anatero motsitsa mawu.

Shoulin anayang'anitsitsa kapuyo. Ndiye kuti n'zoona.

"Ndinakulakwira chachikulu chotani?"

Lamei anakhala pansi, napukuta m'maso ndi nsonga ya malaya.

"Ndikamwa ine, inu mubuula mpaka mawa. Ndi mankhwala opha ululu, bambo a Yongfa. Dokotala anati ndi khansa, ndipo inapita kale patali. Nzeru yoperera mu meicha munandiphunzitsa ndinu, chaka chija tinkawabisira bambo anu matenda awo."