Dzina Limene Linapita ndi Mlamu

Panali munthu wina, bambo wa ana atatu, wonyamula katundu pa kampani yogulitsa simenti ndi malata. Anzake ankamutcha Mapewa, poti thumba la simenti ankalitola ngati pilo. Nkhaniyi ndi yoona. Anandiuza ndi achemwali ake enieni, amene anamulera makolo awo atamwalira.

Mapewa analekera sukulu fomu 3. Tsiku lina bwana wake anamuitana.

"Ukapitawo ndikufuna ndikupatse iwe," anatero bwanayo, "koma kampani ikufuna satifiketi ya sekondale. Ndikudikira zaka ziwiri, osapitirira."

Ndiye Mapewa anamva za sukulu ya pa intaneti, yophunzira uli pakhomo, mphunzitsi akuonekera pafoni. Achemwali ake anamupatsa foni yawo yaikulu, iwo n'kubwerera ku kafoni kamabatani. Pomupatsa anamugwira dzanja.

"Foni ndakubwereka, udzabweza. Koma pali chinthu chimodzi chosabwereketsa: dzina. Wandimva?"

"Ndamva, achemwali. Inunso mumayankhula ngati tili pamaliro."

Pakhomo pa Mapewa pankakhala mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu wa ndevu zake. Nzeru za m'kalasi anali nazo, koma anachotsedwa sukulu chifukwa chogulitsa mayankho a mayeso. Abale onse atamutsekera zitseko, anamulandira ndi Mapewa. Anadya pamenepo zaka zinayi osagulapo ngakhale machesi. Zimenezi muzisunge.

Tsiku lolembetsa, sukulu inafuna zinthu ziwiri: kalata ya kubadwa, komanso kuti wophunzirayo ayang'ane mu kamera, atembenukire uku ndi uku, aphethire, kuti makina aidziwe nkhope yake. M'mawa umenewo Mapewa anali atachedwa, lole ikumudikira kuntchito.

"Thamangani, alamu," anatero mlamu uja. "Nkhope ndi nkhope, ndiphethira ine. Ndipo masamuwa angokupwetekani mutu. Inu nyamulani simenti, ine ndikunyamulireni sukulu. Ndibwezeko zabwino zanu."

Mapewa anaseka, n'kumusiyira foni ndi kalata.

Kuyambira pamenepo, mphunzitsi akaitana dzina la Mapewa, lenileni lija la makolo ake, ankayankha ndi mlamu, atakhala pampando wa bambo wa nyumba: "Ndilipo!" Ana ankafa nalo phwete. Patapita miyezi anasiya kuseka. Tsiku lina mlendo anagogoda n'kutchula dzina lija. Mapewa asanadzuke n'komwe, mlamu anali atayankha kale, ndipo mwana wamng'ono anamulozera mlendoyo kwa amalume ake.

Achemwali analipo tsiku limenelo. Anamukokera Mapewa kuseri kwa nyumba.

"Iwe, m'nyumba muno akuyankha dzina la bambo athu ndani?"

"N'zongosewera, achemwali. Pepala likangobwera zitha."

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma sindinaonepo munthu akuvula nsapato imene yamukwana."

Mapewa anangoti, "Mwayambatu."

Zaka ziwiri zitakwana envelopu ya satifiketi inafika. Mkazi wake analuluta mpaka aneba anatuluka. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mapewa anatsegula. Dzina linali lake, tsiku lobadwa lake, koma pakona panali chithunzi cha mlamu, akumwetulira, atavala jekete la Mapewa lopitira kutchalitchi.

"Musade nkhawa, alamu, angolakwitsa," anatero mlamu. "Bweretsani pepalalo ndikakonzetse ku ofesi yawo. Kalata ya kubadwa ija ili kale ndi ine."

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa atavala jekete lomwelo. Foni anaisiya pampando. Sanabwerenso.

Bwana anadikira mwezi umodzi, kenako ukapitawo anaupereka kwa wina. Mapewa anadziluma chala, n'kunena kuti basi, ndiyambirenso, ulendo uno ndiphunzire ndekha. Anapita ku ofesi ya sukulu ija. Mayi wa padesiki analemba dzinalo pa kompyuta.

"Munthu ameneyu anamaliza kale, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Sangalembetsenso."

"Munthuyo ndine amene."

"Yang'anani mu kamera. Tembenukani. Phethirani."

Mapewa anaphethira. Makina anakana. Anapukuta kumaso ndi malaya, n'kuphethiranso. Anakananso. Kachitatu chimodzimodzi. Mayi uja anatembenuza kompyuta kuti aone yekha nkhope imene inali pamenepo.

"Bambo, mwini dzinali ndi uyu. Sabata yathayi kampani ina inaimba kufunsa za iyeyu, ife tinawatsimikizira. Akuti akumusungitsa makiyi a mosungira katundu. Nanga inuyo ndinu ndani?"

Mapewa anayang'ana nkhope ya mlamu wake pa kompyutapo. Akanati chiyani? Kunena zoona kunali kudzigwiritsa yekha kuti anabera sukulu zaka ziwiri. Anatuluka mwakachetechete.

Madzulo ake anakabweza foni kwa achemwali. Iwo anaitembenuza, anaiyatsa, anaona kuti ili bwinobwino.

"Foni yabwera," anatero. "Nanga chinacho?"

Mpaka lero Mapewa akunyamula simenti. Galimoto ikaima pafupi ndi nyumba yake amatseka wailesi n'kutchera khutu, poti sadziwa chimene dzina lake likuchita kumene liliko. Munthu wogulitsa mayeso akasunga makiyi, mukudziwa nokha kumene zimathera. Ndipo tsiku limene adzabwere olifunafuna dzinalo, adiresi imene sukulu ili nayo ndi ya pakhomo pomwepo.

Ana ake akafunsidwa kuti bambo anu ndani, amayamba ayang'anana, kenako n'kunena kuti, "A Mapewa."

Phunziro: Sukulu ya pafoni ndi sukulu ndithu, ndipo mpando wake umafuna mwini wake. Bwereketsani khasu, njinga, ngakhale jekete, koma dzina ndi nkhope ayi, angakhale wopemphayo ndi wodya naye mbale imodzi. Wokutsina khutu ndi mnansi. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale anu amene akuphunzira pafoni, wina asanawaphethirire.